Fayilo ikakana kukwera pa webusaiti, yakakamira pati?

Sabata yatha foni yanga sinapume. Bungwe lina laling'ono kuno ku Zomba, lomwe ndimalisamalira webusaiti, linalengeza ntchito ziwiri n'kuuza ofunsira kuti makalata awo atumize kudzera pa fomu ya pa webusaitiyo. Lolemba dzuwa lisanafike paliwombo, mayi amene amalandira makalatawo anali atandiimbira katatu.

"Achimwene, chinthu chanu chija chafa. Anthu akuti masatifiketi akukana kulowa."

"Chikulemba kuti chiyani, mayi?"

"Palibe chimene chikulemba. Chikungozungulira, kenako fomu n'kubwerera ilibe kanthu."

Chodabwitsa n'chakuti makalata a anthu ena anali atalowa bwinobwino. Komabe mu ofesimo mlandu unali utagamulidwa kale: pulagini ya fomuyo ndi yachabechabe, ichotsedwe, tiikepo ina. Zimatero kawirikawiri, chifukwa pulagini ndi imene timaiona ndi maso, ndiye chala chimaloza iyo. Koma fayilo isanafike m'manja mwa pulagini imakhala itadutsa pa zipata zingapo, chilichonse ndi lamulo lake, ndipo pulagini yatsopanoyo ikanakapeza zipata zomwezo zili chilili.

Mawu ochepa tisanapite patali

Seva ndi kompyuta imene imasunga webusaiti n'kumayankha aliyense woitsegula. Mabungwe ang'onoang'ono sakhala ndi yawoyawo. Amachita lendi kachigawo pa seva ya kampani yosunga mawebusaiti. Kukweza fayilo, kumene achinyamata amati kuapuloda, ndi kutumiza chithunzi, PDF kapena kalata kuchokera mu foni kapena kompyuta yanu kupita pa seva ija. Pulagini ndi kapulogalamu kowonjezera kamene mumalumikiza ku pulogalamu yaikulu ya webusaiti kuti izichita zimene sinabadwe nazo, monga kulandira mafomu kapena kugulitsa katundu.

Zitsanzo zanga zitsamira pa WordPress, imene inayamba mu 2003 ndipo lero ikuyendetsa mawebusaiti oposa 40 pa 100 aliwonse padziko lonse. WordPress inalembedwa m'chiyankhulo cha makompyuta chotchedwa PHP, chimene Rasmus Lerdorf anachitulutsa mu 1995. Moodle, imene ophunzira a m'makoleji amatumizirapo ntchito zawo, pamodzi ndi Joomla ndi Drupal, nazonso ndi za PHP, choncho zambiri zimene zili m'munsimu zikugwira konseko.

Ulendo wa thumba la mpunga

Tiyerekeze kuti mwatumiza thumba la mpunga kuchokera ku Jali kupita kunyumba yosungiramo katundu m'tauni muno. Choyamba wakabaza ayenera kufika nalo, osagwa nalo panjira. Ameneyo ndi netiweki. Pageti pali mlonda amene amangoona kukula kwa katundu n'kunena kuti alowe kapena abwerere. Ameneyo ndi pulogalamu yolandira alendo pa seva, kawirikawiri Apache kapena Nginx. Mkati muli munthu wa sikelo, amene ndi PHP. Akaliyeza amaliika kaye pakhonde, m'foda ya kanthawi chabe. Pamenepo ndi pamene kalaliki, yemwe ndi pulagini, amabwera kudzaliona, kulilemba m'buku n'kulinyamula kupita nalo kuchipinda chosungira. Chipindacho chili ndi loko, ndipo chikhoza kukhala chodzaza.

Kalaliki uja amatulukira kumapeto kwenikweni kwa ulendo. Thumba likabwezedwa pageti kapena pa sikelo, iye salidziwa n'komwe. Mukamufunsa amangoti "sindinalandire kanthu", ndipo sakunama. Pali chinanso: fayilo imene ili pakhonde ikapanda kusamutsidwa, PHP imaifufuta ikangomaliza kuyankha pempholo. N'chifukwa chake simungapite pa seva mawa lake kukaifuna fayilo imene inakanika dzulo.

Ntchito yonse yofufuza vuto ndi kupeza chipata chimene thumba lathera. Mukayamba kusintha zinthu musanachipeze, mudzathyola zimene zinali bwino.

Masikelo awiri a PHP

Apa ndi pamene mafayilo ambiri amathera, ndiye tikhalitsepo.

PHP ili ndi fayilo ya malamulo yotchedwa php.ini. M'menemo muli mzere wa upload_max_filesize, umene umanena kukula kwa fayilo imodzi. Munthu akapanda kuusintha umakhala pa 2 MB. Nambala imeneyi ndi ya kale, mafoni asanayambe kujambula zithunzi zolemera. Lero chithunzi chimodzi cha satifiketi chojambulidwa ndi foni wamba chimatha kufika 3 MB kapena 4 MB. Fayilo ikaposa malire amenewa, PHP imaikana mwaulemu. Imasiya nambala ya vuto, 1, ndipo WordPress imalemba kuti "The uploaded file exceeds the upload_max_filesize directive in php.ini". Uthenga umenewu ngakhale ukuoneka woopsa ndi wachifundo, chifukwa wakuuzani chipata ndi dzina lake.

Sikelo yachiwiri ndi post_max_size, imene imayamba pa 8 MB. Iyi siyeza fayilo imodzi. Imayeza katundu yense wa fomu pamodzi: dzina, nambala ya foni, zolemba zonse, ndi mafayilo onse amene mwaphatikiza. Ndipo khalidwe lake ndi lina. Katundu akapitirira, PHP imataya zonse, mafayilo ndi zolemba zomwe, n'kupereka fomu yopanda kanthu kwa pulagini. Palibe nambala ya vuto imene imatsagana ndi fayilo, poti fayiloyo kulibe. Pulagini imaona ngati munthu wangodina batani osalemba chilichonse. Mkati mwa WordPress, mukamakweza pulagini kapena kamangidwe katsopano ka tsamba, zimenezi zimatuluka ngati "The link you followed has expired", mawu amene amasocheretsa anthu ambiri chifukwa sakutchula za kukula ngakhale pang'ono.

Ndi zimene zinatichitikira, ndipo wolakwa ndinali ine. Chaka chatha ndinakweza upload_max_filesize kufika pa 10 MB n'kuiwala mnzake uja pa 8 MB. Fomu yathu inkafuna zinthu zitatu: kalata, CV ndi satifiketi. Amene anapita kukasikanitsa mapepala awo ku mashopu a zosindikiza a ku Chinamwali kapena pafupi ndi msika anatumiza ma PDF opepuka, ndipo analowa. Amene anangoyala mapepala pamphasa n'kujambula ndi foni anatumiza zithunzi zitatu za 4 MB chilichonse. Chimodzichimodzi chinali pansi pa 10, koma zonse pamodzi zinali 12, ndipo sikelo yachiwiri inazitaya mwakachetechete. Lamulo lake ndi losavuta: post_max_size izikhala yaikulu kuposa mafayilo onse a fomu mukawaphatikiza, ndi kampata pamwamba.

Kusintha nambalazi kuli ndi misampha yake. Ena amalemba ini_set, lamulo la PHP losinthira nambala zotere, mkati mwa pulogalamu, koma pa mizere iwiriyi sizigwira, chifukwa PHP imayeza katundu pulogalamu yanu isanayambe n'komwe kuyenda. Ena amakopera mizere ya php_value n'kuiika mu fayilo ya .htaccess. Imeneyo imagwira makamaka PHP ikamayenda mkati mwa Apache. Pa maseva ambiri a masiku ano imangogwetsa webusaiti yonse ndi nambala 500. Njira yabwino pa seva ya lendi ndi kulowa mu cPanel, tsamba limene kampani imakupatsani loyendetsera akaunti yanu, pa MultiPHP INI Editor kapena pa Select PHP Version, malinga ndi zimene kampaniyo inaika. Pena mumagwiritsa ntchito kafayilo ka .user.ini, koma dziwani kuti PHP imakawerenganso pakatha masekondi 300. Anthu ambiri amasintha, kuyesa pompo, kuona kuti palibe chasintha, n'kubweza zimene zinali zolondola.

Musakhulupirire zimene mwalemba, onani zimene seva ikutsatira. Mu WordPress pitani pa Tools, kenako Site Health, kenako Info, ndipo pansi pa Server mupeza nambala zenizeni zimene zikugwira ntchito.

Nambala zina zimene PHP imasiya n'zothandiza kuzidziwa. 0 ndiye kuti zonse zayenda. 3 ndiye kuti fayilo yafika yoduka, kawirikawiri chifukwa netiweki inathawa kapena bandulo inathera panjira. 4 ndiye kuti munthu sanasankhe fayilo. 6 ndiye kuti foda ya pakhonde ija kulibe, 7 kuti seva yalephera kulemba pa disiki. Nambala 5 palibe, musavutike kuifuna.

Mlonda wa pageti

Nthawi zina mumakweza masikelo onse awiri koma fayilo imabwererabe, ndipo pamatuluka tsamba loyera lolembedwa 413 Request Entity Too Large. Ameneyo ndi mlonda, PHP sinaione n'komwe fayiloyo. Nginx imabadwa ndi malire a 1 MB pa mzere wa client_max_body_size, ndipo pa seva ya lendi simungaufikire nokha. Muyenera kulembera a kampani. Webusaiti imene imadutsira pa Cloudflare yaulere (Cloudflare ndi kampani imene imaima pakati pa alendo ndi seva yanu) ili ndi denga lina la 100 MB, limene limakhudza makamaka okweza mavidiyo.

Mlonda wina ndi wa chitetezo, monga ModSecurity, amene amasanthula katundu kufuna zinthu zokayikitsa. Akakayikira amayankha 403. Amalakwitsa ndithu nthawi zina, mpaka kukana fayilo chifukwa cha kachizindikiro kachilendo m'dzina lake. Yesani kuitcha dzina lopanda zokometsera, monga satifiketi1.pdf, musanaganize zazikulu.

Loko wa chipinda chosungira

Tinene kuti fayilo yadutsa zonsezi ndipo pulagini yaitenga. Tsopano ikufuna kuiika m'foda, imene mu WordPress ndi wp-content/uploads. Maseva ambiri amayendera pulogalamu yaikulu yotchedwa Linux, ndipo pa Linux foda iliyonse ili ndi mwiniwake komanso manambala atatu onena amene angachite chiyani. Nambala yoyamba ndi ya mwini, yachiwiri ya gulu lake, yachitatu ya wina aliyense. Kuwerenga ndi 4, kulemba ndi 2, kulowa ndi 1, ndipo mumangophatikiza. Choncho 7 ndi zonse zitatu, 5 ndi kuwerenga ndi kulowa popanda kulemba. Foda ya 755 ikutanthauza kuti mwini yekha ndiye angaikemo zinthu, ena angosuzumira. Mafoda amakhala pa 755, mafayilo pa 644.

Vuto lenileni kawirikawiri silikhala manambalawo koma mwini. PHP imagwira ntchito m'dzina la munthu wina wake pa seva; pa Ubuntu ndi Debian, yomwe ndi mitundu ya Linux, dzinalo nthawi zambiri ndi www-data, pa cPanel ndi dzina la akaunti yanu. Webusaiti ikasamutsidwa kuchoka pa seva ina, kapena wina akakopera mafayilo atalowa ngati root (dzina la wolamulira seva yonse), mafoda amakhala a munthu wina, ndipo PHP imasanduka mlendo m'nyumba yake yomwe. Uthenga wake umati "The uploaded file could not be moved to" kapena "Unable to create directory", n'kutchula fodayo.

Chizindikiro chimodzi ndimachikonda chifukwa chimaulula msanga. WordPress imasanja mafayilo m'mafoda a chaka ndi mwezi, ndipo mwezi uliwonse imatsegula foda yatsopano. Mukamva kuti zinthu zimayenda bwino mpaka pa 30 kapena pa 31 ndipo zaima pa 1, musafufuze kutali. Foda ya mwezi wathawo inali yolembeka, koma seva ilibe chilolezo chotsegula yatsopano.

Pa intaneti mupeza ambiri akulangiza kuti ingoikani 777. Imagwiradi nthawi zina, chifukwa mwauza seva kuti aliyense alembe. Kuli ngati kuchotsa chitseko poti kiyi wasowa. Pa seva imene mukugawana ndi anthu osawadziwa n'zoopsa, ndipo maseva ena amakaniratu kuyendetsa pulogalamu imene ili m'foda yotereyi. Ngati mwaika 777 kuti muyese, ndipo fayilo yalowa, mwaphunzira kuti vuto ndi umwini. Bwezani 755 n'kupempha kuti umwiniwo ukonzedwe.

Chipinda chikhozanso kungodzaza. Pa akaunti ya lendi, maimelo a ofesi, makope osungira a webusaiti ndi zithunzi zonse zimadya malo amodzi. Ndinapezapo webusaiti ikukana kafayilo kochepetsetsa chifukwa pulagini yosunga makope inali ikuunjika kope latsopano usiku uliwonse osafufuta akale.

Chithunzi chimalemera kawiri

Pali vuto lina limene limabwera fayilo italowa kale. WordPress ikalandira chithunzi imapanga timakope tating'ono toti tizioneka m'malo osiyanasiyana, ndipo kuti itero iyenera kuchitambasula chonse m'chikumbumtima cha seva. Ganizani za neti ya udzudzu: m'pepala lake imakwana m'chikwama, mukaitambasula imadzaza chipinda. Chithunzi cha madontho 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi chili ndi madontho 12 miliyoni. Seva ikamagwiritsa ntchito chida chotchedwa GD, dontho lililonse limafuna mabaiti pafupifupi 4, kutanthauza 48 MB, chonsecho pa foni chimaoneka ngati 4 MB. Foni ya kamera yaikulu mukaiuza ijambule ndi mphamvu zake zonse, 8000 kwa 6000, mwafika pa 192 MB, pamene memory_limit ya PHP imayamba pa 128 MB. Apa ntchito imatha kufera pakati. Imathanso kufa chifukwa cha nthawi, poti max_execution_time imapereka masekondi 30 okha munthu akapanda kuisintha.

Chizindikiro chake ndi chakuti PDF ya 5 MB ikulowa koma chithunzi cha 3 MB chikukana. Zikatero kulemera kwa fayilo si nkhani, nkhani ndi kutambasula.

Pamene kalaliki ndiye wolakwa

Sikuti pulagini imakhala yosalakwa nthawi zonse. Zambiri zimakhala ndi malire awoawo pamwamba pa a seva. Contact Form 7, pulagini ya mafomu imene ili pa mawebusaiti mamiliyoni, imalola 1 MB yokha pa fayilo ngati wokonza fomu sanalembe nambala ina. Moodle ili ndi malire a webusaiti yonse, a kosi, ndi a ntchito imene mphunzitsi wapereka, ndipo wamng'ono pa onsewo ndiye amalamula.

Palinso mtundu wa fayilo. Ma iPhone kuyambira 2017 amasunga zithunzi mu mtundu wa HEIC, umene mafomu ambiri saudziwa. Kusintha dzina kuti lithere ndi .jpg sikusintha zamkati, ndipo WordPress imayang'ana zonse ziwiri, dzina ndi zamkati. Ikakana imati "Sorry, you are not allowed to upload this file type". Kuuma mtima kumeneku kuli ndi chifukwa. Munthu akakwanitsa kulowetsa fayilo ya PHP yobisala ngati chithunzi n'kuiyendetsa, webusaiti yonse yalowa m'manja mwake. Mu Seputembala 2020 pulagini ya File Manager, imene inali pa mawebusaiti oposa 700,000, inapezeka ndi bowo lolola munthu aliyense kukweza fayilo popanda kulowa ndi pasiwedi, ndipo akuba anathamangirako nthawi yomweyo. Ndiye mukaona langizo loti muzimitse kusefa mitundu ya mafayilo kuti zinthu ziyende, dziwani chimene mukutsegula.

Amene analemba fomu yawo okha aonenso ngati ili ndi mawu akuti enctype="multipart/form-data". Akasowa, msakatuli, pulogalamu imene mumatsegulira webusaiti, amatumiza dzina la fayilo lokha, fayiloyo n'kutsala. Mapulagini awiri akhozanso kupondana, makamaka aja ofulumizitsa webusaiti posunga makope a masamba. WordPress imaika kachidindo kachitetezo pa mafomu ambiri, kamene kamatha mphamvu pasanathe maola 24, ndipo tsamba losungidwa kalekale limapereka chidindo chakufa.

Chomaliza n'chakuti fayilo ikhoza kulowa koma osafika kwa mayi aja. Mafomu ambiri amaitumiza pa imelo, ndipo fayilo ikamangidwa mu imelo imafufuma ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Seva ya imelo ili ndi malire akenso, ndipo imatha kuibweza pulagini itanena kale kuti "zatheka".

Poyambira pake

Ine ndimayamba ndi kafayilo kakang'ono, ka 100 KB, ka JPG, ka dzina losavuta. Kakalowa, ndiye kuti loko ndi foda zili bwino, vuto ndi kukula, ndipo ndimakwera pang'onopang'ono: 1 MB, 2 MB, 8 MB. Pamene yakanira pamanena yekha wolakwa, chifukwa nambala zimenezi tazionapo kale eni ake. Kakakana ngakhale kakang'onoko, ndimasiya za kukula n'kuyang'ana chilolezo, malo pa disiki ndi pulagini yeniyeniyo. Kenako ndimayesa kukweza kafayilo komweko kudzera pa Media ya WordPress, osadzera pa fomu. Kukalowa uko n'kukana pa fomu, pamenepo ndiye pulagini iyankhe mlandu.

Pa kompyuta, batani la F12 limatsegula zenera limene limaonetsa zimene msakatuli akukambirana ndi seva. Pansi pa Network mumaona nambala imene yabwera, kaya 413, 403 kapena 500, ngakhale tsamba likungozungulira osanena kanthu. Ndipo seva imalemba madandaulo ake m'buku la zolakwika, error log. Mu WordPress mukayatsa WP_DEBUG ndi WP_DEBUG_LOG, zimalembedwa mu wp-content/debug.log. Mukatha zimitsani, poti bukulo limaulula zamkati mwa nyumba. Mu error log ya seva ndi momwe ndinagwirira vuto lathu lija: mzere umodzi wobwerezabwereza wonena kuti POST Content-Length yapitirira malire a mabaiti 8388608, amene ndi 8 MB ija.

Funso loti malire akwezedwe kufika pati lilibe yankho limodzi. Mukawakweza kwambiri, ofunsira savutika, koma disiki imadzaza msanga, ndipo munthu wa ku Thondwe kapena ku Songani amene netiweki ikumuvuta amatha bandulo kukankha 12 MB imene ingadukire panjira. Mukawatsitsa, mwapulumutsa malo, koma mwatsekera kunja amene sadziwa kuchepetsa chithunzi ndipo alibe ya kabaza yopitira kokasikanitsa. Bungwe lililonse liyeze anthu ake.

Ife tinaika post_max_size pa 32 MB, n'kusiya fayilo imodzi pa 10 MB, ndipo pansi pa batani tinalembapo m'Chichewa ndi m'Chingerezi kukula ndi mitundu ya mafayilo imene fomu ikulandira. Nditasintha ndinayesa pompo, inakana. Ndinatsala pang'ono kubweza zonse, kenako ndinakumbukira masekondi 300 aja. Ndinatuluka panja kukagula nthochi kwa amayi a pamsewu, pobwera ndinayesanso ndi zithunzi zitatu zomwezo, zinalowa. Mayi aja anaimbanso cha m'ma 4 koloko, ulendo uno kufunsa ngati pali njira yoti zithunzi zojambulidwa chozondoka zizidzitembenuza zokha.